Pansi pa mitengo ya oak pakukanika kapinga? Bzalani Carex pensylvanica

Mayi, mwafunsa choti mubzale pansi pa mitengo ya oak kuseri kwa nyumba yanu ku Michigan, m'dziko la America, poti kapinga akungofa chaka ndi chaka ngakhale mumathirira. Lekani kulimbana nayeyo. Bzalani Carex pensylvanica, amene ogulitsa mbande amamutcha Pennsylvania sedge.

Amaoneka ngati udzu koma ndi wa banja limodzi ndi dawe. Mukafikisa tsinde lake pakati pa zala mumva ngodya zitatu. Kwawo ndi nkhalango za oak za kum'mawa kwa North America, kuyambira ku Quebec ndi Manitoba mpaka ku Georgia, pa dothi lamchenga kapena lamiyala losasunga madzi, pomwe dzuwa limangodontha pakati pa masamba. Amaphuka molawirira ndi kuchita maluwa mu Epulo ndi Meyi, mitengo isanavale masamba okwanira, dzuwa likufika pansi, dothi likadali ndi chinyezi. Pofika Julayi, mizu ya oak ikamamwa madzi onse, iye ntchito yake yatha kale, wangokhala phee. Kapinga ndiye amagonja pamenepo, poti amafuna dzuwa ndi madzi nyengo yonse.

Musagule njere, zimamera movutikira. Gulani timbande tam'machubu, mubzale mu Meyi kapena mu Seputembala, motalikirana masentimita 25 mpaka 30, kutanthauza timbande 11 mpaka 16 pa sikweya mita imodzi. Musagaule dothi, mudula mizu ing'onoing'ono ya mtengo yomwe ili pamwamba penipeni. Kumbani kadzenje ka mbande iliyonse, ndipo pamene masamba akumanirana ndi mizu pakhale pofanana ndi nthaka. Mukakwirira kwambiri, pakhosi pamaola. Chaka choyamba thirirani kamodzi pa sabata kukapanda mvula, ndi kuzula udzu wina ndi manja. Feteleza ayi, amangonenepetsa udzu wachabechabe.

Apa mpamene ambiri amataya mtima: chaka choyambacho malowo amaoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Mbewuyi imayanga pansi ndi timizu tokwawa, pang'onopang'ono, ndipo imatseka mipata pa zaka 2 kapena 3. Ikakula imafika masentimita 15 mpaka 25 n'kugwa chammbali ngati tsitsi lofewa. Kutchetcha ndi kufuna kwanu, kamodzi pachaka chipale chofewa chikangosungunuka, ndipo musatsitse chitsulo kupitirira masentimita 8.

Masamba a oak amachedwa kuola. Akaunjikana n'kunyowa amaphimba timbande, choncho wolani ochulukawo, otsala apang'ono asiyeni. Komanso si malo a mpira: mapazi a tsiku ndi tsiku amapha mbewuyi, ikani miyala yopondapo podutsa anthu.

Musanawononge ndalama, kumbani dzenje la masentimita 30, mudzazemo madzi. Mukapeza madzi akadalimo m'mawa mwake, dothi lanu ndi lamakande ndipo mbewuyi ivutika. Pamenepo tengani Carex blanda, wopirira dothi lolemera, ngakhale amadzifesa yekha paliponse. Pa dothi lachonde lonyowa, mumthunzi wandiweyani, Carex plantaginea wa masamba otambalala ndiye woyenera.

Za agwape musade nkhawa, Carex pensylvanica samukonda. M'nkhalango zina za ku Minnesota ndi Wisconsin, komwe agwape ndi nyongolotsi zochokera ku Europe zatha maluwa apansi, iye ndiye watsala atayala ngati mphasa.