Za nyimbo ziwiri zija, azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti nyimbo imene achinyamata a kwaya yanu apeka anthu akuti ikufanana ndi ina ya pa wailesi, ndiye mungatsimikize bwanji.

Choyamba, musazimvetsere ndi zida zake. Khutu limapusitsika msanga ndi ng'oma ndi kiyibodi. Nyimbo ziwiri zikangokhala pa liwiro limodzi, ng'oma n'kumalira mofanana, anthu amati ndi imodzi, chonsecho chuni n'chosiyana. Ndiye wina ang'ung'udze kolasi yokha, iyi kenako inayo.

Mukatero muzilembe mu sol-fa, monga mumachitira pa pulakatisi. Ubwino wake ndi woti "do" amasuntha, kaya ina ili mu kiyi ya C ina mu G, papepala zimakumana. Tengani manotsi 12 oyamba a kolasi iliyonse, muwandandalike mizere iwiri, wina pamwamba pa unzake. Tsono pa noti iliyonse chongani ngati mawu akwera, atsika, kapena abwereza pomwepo. Musachione chopepuka chimenechi, ku Britain Denys Parsons anatulutsa buku mu 1975 losanja machuni ndi zizindikiro zitatu zomwezi. Munthu akamva nyimbo yachilendo amasunga kukwera ndi kutsikako, pomwe kukula kwa kudumphako amaiwala. N'chifukwa chake do-mi-so ndi do-re-so ambiri amazimva ngati chinthu chimodzi.

Kenako ombani m'manja, osaimba, muone ngati manotsi aatali ndi aafupi akugwera malo amodzi. Noti ya pa kugunda koyamba kwa bar (kachigawo ka nyimbo ka kugunda kowerengeka) ndi noti yotalika yomalizira mzere zimalemera kwambiri. Zimenezi zikafanana, ngakhale tapakatipo tisiyane, omvera adzanenabe kuti yabedwa.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa ma chord, manotsi angapo olira pamodzi operekeza chuni. A do, fa ndi so ali m'nyimbo za mumpingo zosawerengeka, alibe mwini. Woimba wa ku Britain Ed Sheeran anapambana mlandu womuganizira kuti anaba nyimbo ku New York mu 2023, pomwe nkhani inagona pa ma chord ndi kagundidwe kake. Koma woimba wina, George Harrison, anagonja mu 1976 chifukwa chuni chenichenicho chinafanana, ndipo woweruza anati anakopera mosazindikira. Eya, zimachitika, ndiye musafulumire kuwatcha akuba anawo, mwina inangowakhala m'mutu.

Za Shazam, pulogalamu ya pa foni yotchula dzina la nyimbo, musiye. Iyo imazindikira nyimbo yojambulidwa kale, siyeza kufanana kwa chuni choimbidwa ndi anthu ena.

Mukapeza kuti kukwera, kutsika ndi kuombako zikugwirizana mzere wonse, asinthe mzere woyamba wa kolasi asanapite ku studio, makamaka ngati akufuna kukailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Munditumizireko makolasi awiriwo, ong'ung'udza okha, masekondi 20 iliyonse, ndiwalembe madzulo ano. Muwapatse moni amalume.