Selo lonenepa lomwe limasiya kugawikana

Wowerenga wina amene akuphunzira ntchito ya mu labotale wandilembera imelo. Akuti: "Aphunzitsi athu amati thrombopoietin ndi imene imauza maselo obala ma platelet kuti achulukane. Nanga bwanji akamakhwima amangonenepa osagawikananso, chonsecho thrombopoietin ikadalipo?"

Mwafunsa bwino. Ma platelet ndi tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane pabala, ndipo maselo owabala amatchedwa megakaryocyte. Uthenga wa thrombopoietin ndi womwewo ndithu, koma mapuloteni ogwira ntchito m'kati mwa selo ndiwo asintha.

Thrombopoietin, homoni yomwe akatswiri anaizindikira mu 1994, imachokera makamaka m'chiwindi. Ikafika m'mafuta a m'mafupa imamatirira pa puloteni ya kunja kwa selo yotchedwa MPL. Apo MPL imadzutsa puloteni ya m'kati mwa selo yotchedwa JAK2, nayonso JAK2 n'kudzutsa puloteni ina, STAT5, ndi anzake. Selo likadali lanthete, mapeto ake ndi kugawikana.

Tsono kuti selo ligawike pawiri, liyenera kudzimanga m'chiuno, ngati thumba la ufa lomwe mwalizenga chingwe pakati n'kumakoka mpaka liduke. Wokoka chingwecho ndi puloteni yotchedwa myosin, womulamula ndi puloteni ina, RhoA, ndipo RhoA sayamba ntchito popanda mapuloteni enanso awiri, GEF-H1 ndi ECT2. Megakaryocyte ikamakhwima, GEF-H1 imayamba kuchepa, kenako ECT2. Pamwamba pa apo, puloteni yolamulira majini yotchedwa RUNX1 imatseka jini ya MYH10, yomwe imapanga mtundu wa myosin wotchedwa myosin IIB. Selolo limakoperabe DNA yake, chiuno n'kuyamba kuning'a, koma chingwe chija chimamasuka lisanaduke. Limabwereranso kukhala limodzi, DNA itawirikiza: kuchoka pa 2N, womwe ndi muyeso wa selo wamba, kufika 4N, 8N, 16N, ena mpaka 128N. Mwa ife anthu, ambiri mwa maselowa amaima pa 16N.

Ine pamenepa ndi pomwe pamandisangalatsa, chifukwa selo lina likalephera kugawika chonchi timati lawonongeka, pomwe ili likuchita dala. Mukadzaliona pa maikulosikopu simudzafunsa: chimphona pakati pa tianzake, phata lake lili mabwumbu-mabwumbu ngati tsinde la jinja.

Kumapeto, puloteni yomanga timitengo tochirikiza selo, β1-tubulin, imachuluka, selo n'kutulutsa timinyololo tataliatali tolowa mumtsempha, ndipo magazi akamadutsa amatithothola. Zidutswazo ndiwo ma platelet, monga anaonera James Homer Wright mu 1906. Ma platelet amakhala masiku 7 mpaka 10 basi.

Pamayeso musaiwalenso JAK2 V617F, mtundu wa jini ya JAK2 yosinthika yomwe inapezeka mu 2005. Imasiya JAK2 ili choyaka ngakhale palibe woitana, ndipo imapezeka mwa pafupifupi theka la odwala matenda ochulutsa ma platelet otchedwa essential thrombocythaemia, amene ma platelet awo amapitirira 450,000 pa maikulolita imodzi ya magazi.