Wonenezedwa sadziyankhira yekha

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti bambo amene ukuwathandiza kampeni ya ukhansala kumbali ya Namwera, m'boma la Mangochi, akuwanenera zinthu ziwiri pa WhatsApp: ena akuti anataya Chisilamu ali ku Joni, ena akuti si Mmalawi n'komwe poti mayi awo anachokera ku Mandimba, ku Mozambique. Ndiye ukufunsa kuti ulembe chiyani pa Facebook kuti uwatseke pakamwa. Za Facebook zidikire kaye. Ukanayamba wandifunsa kuti woyenera kuyankha ndani, ndipo ayankhire pabwalo liti.

Mtima ukhale m'malo, bodza lotere si la lero. Mu 1999 kunali mphekesera zoti a Bakili Muluzi akufuna kusandutsa Malawi dziko la Chisilamu, ndipo zotsatira za chisankho zitatuluka mizikiti ina kumpoto inatenthedwa. Ku Zambia a Kenneth Kaunda, atalamulira zaka 27, anawatsekera khomo loimiranso upulezidenti mu 1996 ati makolo awo anali a ku Nyasaland. A Kamuzu amene, anthu ankanong'onezana kuti si mwana wa ku Kasungu.

Kwathu kuno munthu akanenezedwa za mtundu wake sankaima yekha n'kumadziguguda pachifuwa. Ankakhala pamkeka, mutu pansi, abale ake n'kumamumasula. Mwambo umenewu ndi umene mukuutaya inu a makono, poti aliyense ali ndi foni ndipo akuti fumbi ndiwe mwini. Nkhani inkayambira kwa nduna, nduna n'kuitengera kwa mfumu, mfumu n'kutchula tsiku. Pa tsikulo woyamba kuima anali mwinimbumba, amjomba ake a munthuyo. Sankatsutsa aliyense. Ankangoyala mzere: uyu ndi mwana wa uje, mdzukulu wa uje, mchombo wake unagwera pamudzi wakuti, agogo ake agona kumanda akuti, pafupi ndi mtengo wakuti. Akakhala pansi, ankaima amene anali lombwe wake, womuyang'anira kuchinamwali ku ndagala, kapena mnzake amene anavinidwa naye chaka chimodzi. Kenako mayi wachikulire, amene analipo tsiku lotulutsa mwanayo m'chikuta. Mayiyo musamuiwale, chifukwa mawu ake ndi amene amakafika pamjigo ndi kuchigayo, komwe mabodza amagona n'kudzuka. Zachipembedzo zinkasiyidwira shehe amene anamuphunzitsa kumadrasa, kapena mkulu wa mpingo ngati munthuyo ndi Mkhristu. Mwini wake ankayankhula pomaliza, mawu ochepa, othokoza basi.

Anthu anayi kapena asanu amenewa akwana. Mukachulutsa, bwalo limasanduka msonkhano wa chipani, ndipo mfumu yanzeru imayamba kudziteteza. Musapite ndi nsalu za chipani, musapite ndi zokuzira mawu. Kulonjera kwa mfumu kukhale kwa masiku onse, osati envelopu, pakuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, komanso mboni yolandira kanthu dzuwa likuswa mtengo palibe amene amaikhulupirira.

Musanakafike kwa nduna, tumani anthu awiri osadziwika ndi kampeni akamvetsere pamsika, pasiteji ya kabaza ndi pakhonde la mzikiti anthu akatuluka Ijumaa. Ngati nkhaniyo ikungozungulira m'gulu limodzi la WhatsApp, isiyeni. Kuiyankha pa wailesi ya Dzimwe kapena Radio Islam n'kuinyamulira nokha kwa anthu amene sanaimve. Koma mukaimva pamaliro, yakula, ndipo sabata isathe musanachitepo kanthu.

Nkhani ziwirizi musaziphatikize. Ya unzika ili ndi pepala lake: chiphaso cha unzika cha NRB, ndi mapepala amene a bungwe la zisankho la MEC analandira powavomereza kuimira. Zionetsedwe kamodzi pamaso pa mfumu, nduna iwerenge mokweza, basi. Mukamazitulutsa pamsonkhano uliwonse anthu amayamba kufunsa chimene chikukuopsani. Ndipo pepala silitseka pakamwa pa onse. Barack Obama, mtsogoleri wakale wa America, anaonetsa kalata ya kubadwa kwake mu 2008, anaonetsanso ina mu 2011, ena anapitirizabe kunena kuti sanabadwire ku America. Kuno chimene chimagwira mtima ndi manda. Ndani wa ku Katuli, ku Chiponde kapena kwa Makanjira amene alibe mbale tsidya linalo? Malire anapeza Ayao ali kale pamenepo, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, mpaka 1992, tinadyera m'mbale imodzi ndi othawa kwawo. Amjomba akanena zimenezi modekha, theka la bwalo limakumbukira agogo awo.

Ya chipembedzo ndiye yoterera. Ambiri amagwa chifukwa cha kupembedza kwadzidzidzi: munthu amene ankaoneka pa Idi pokha lero wagula mkanjo watsopano, wakhala mzere wakutsogolo, mnyamata wake akujambula. Amene amaswali kasanu patsiku amadziwana, ndipo sachedwa kuseka. Apemphere monga ankapempherera, kumzikiti wa kwawo, popanda kamera. Shehe asawatchule pa ulaliki wa khutuba, mzikiti ungagawikane. Akafunsidwa pasadaka kapena paziyala, ayankhe zimene akudziwa, osaonjezera. Kulumbira atagwira Korani pansanja ndiye ayi ndithu. Mawa wopikisana nawo adzalumbiranso, ndiye mwapindulanji?

Chenjeraninso ndi kayankhidwe. Munthu akakalipa kuti "Ine Mkhristu? Mwanditukwana!" wakonza mbali imodzi n'kugumula inzake. Mangochi ndi wa Akhristunso: a Anglican ali ku Malindi ndi kwa Mponda kuyambira kalekale, Akatolika ali ndi dayosizi yawo pompano, ndipo mavoti awo amawerengedwa chimodzimodzi. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko limapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo. Anene chimene iwo ali, kamodzi, osabwereza mawu a bodzalo, kenako abwerere ku nkhani ya mijigo, milatho ndi mankhwala kuchipatala. Za ku Joni asachite nazo manyazi, midzi yambiri kuno malata ake anachokera komweko. Oyankha ndi amene anaona chimene ankatumiza pa maliro ndi pa Ramadani.

Tsopano za foni yakoyo. Ntchito yake ndi kusunga umboni: jambula uthengawo, tsiku lake ndi gulu limene unatulukira. Ngati ukuchokera kwa otsatira chipani china, kaperekeni dandaulo ku komiti ya zipani zonse imene a MEC amakhala nayo paboma, ija ya MPLC. Usabwezere mwano, ngakhale pa dzina lobisika, pakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ukafuna kuika kanthu pa Facebook, pempha chilolezo kwa mfumu ndi kwa amjomba, uike mawu awo a pabwalo paja osadula, iwe osathirapo ndemanga.

Kumbukiranso kuti kampeni imatsekedwa maola 48 kuvota kusanayambe, ndipo abodza amakonda usiku umenewo podziwa kuti woimira sangachititsenso msonkhano. N'chifukwa chake bwalo lija lichitike kukadali milungu itatu kapena inayi, kuti bodza likadzabweranso lidzapeze mayi uja pamjigo ali ndi yankho kale.