Mawilo a longboard pa tala wa kwathu kuno: yankho kwa mnyamata wa ku Ntcheu

Kalata iyi inafika pa imelo Lachiwiri usiku, ndipo ndakhala nayo masiku anayi osaiyankha, chifukwa ndikangoitsegula dzanja langa lamanzere limayamba kundikumbutsa zakale. Wolemba ndi mnyamata wa pa Ntcheu boma. Akuti akulu ake amene ali ku Joni anamutumizira longboard, thabwa lalitali la mawilo anayi lokwerapo choimirira, chaka chatha, mawilo adyeka mbali imodzi m'miyezi yochepa, ndipo akamayenda pa tala mapazi amachita dzanzi. Akuluwo akubwera pa Khirisimasi, ndiye akufuna adziwe mawilo oti awauze kugula.

Achimwene, ndikuyankhani. Koma mundilole ndiyambire kutali, pakuti ine funso limeneli sindinalifunse pa nthawi yake, mpaka fupa linathyoka.

Ndinakulira pa Dedza, m'munsi mwa phiri. Bambo anga ankakonza njinga pafupi ndi msika, ndiye m'nyumba mwathu simunkasowa sipanala, girizi ndi manati otayika. Ife ana tinkatola mabering'i otha m'magalaja, n'kuwakhomera ku mitengo iwiri pansi pa thabwa, ngolo yatheka. Tikamatsetsereka nayo phokoso lake linkamveka mpaka kuseri kwa nyumba zitatu, chitsulo chikulira pa tala. Kamwala kochepa ngati nyemba kakangolowa pansi, ngolo inkaima pomwepo koma wokwera ankapitirira yekha. Mawondo athu onse anali ndi zipsera. Tinkangoti zinthu za timawilo ting'onoting'ono zimatero basi.

Nditakula ndinadzamva kuti ana a ku California anadutsa m'zomwezo. Ma skateboard oyambirira anali ndi mawilo achitsulo, kenako kunabwera ena ouma gwa opangidwa ndi zosakaniza zonga dongo, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 masewerawa anali atazilala. Amene anawadzutsa ndi Frank Nasworthy, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene anayamba kugulitsa mawilo a polyurethane, onjanja ngati labala, pa dzina la Cadillac Wheels. Matabwa anali omwewo, misewu inali yomweyo, anyamata anali omwewo. Chinasintha ndi wilo. Ndikaganiza zimenezi ndimaona bambo anga, amene ankauza makasitomala awo kuti njinga ndi matayala, utoto wa pa felemu sunyamula thumba la mbatata kuchoka ku Bembeke.

Longboard yanga yoyamba ndinaigula ku Cape Town mu 2014, kwa mnzanga amene tinkatsuka naye mbale pamalo ena odyera. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo iye anali ataikapo timawilo tating'ono tolimba kwambiri, ta mamilimita osafika 60. Kumeneko sindinaone vuto. Lamlungu lililonse ndinkapita ku Sea Point, m'mbali mwa nyanja, pansi posalala ngati pakhonde lozira bwino, ndipo thabwalo linkangouluka. Nditabwerera kumudzi mu 2016 ndinalinyamula m'basi ulendo wonse, ndikulisamala kuposa chikwama cha zovala.

Tsiku limene ndinagwa linali la mu June, m'mawa, kuzizira kwa pa Dedza kuja kolowa m'mafupa. Ndinasankha kamsewu kotsetsereka ka m'tawuni, kopanda magalimoto nthawi imeneyo. Nditangoyamba kutsika mano anayamba kugundana, mapazi osamvanso thabwa, maso akuona zinthu ziwiriziwiri chifukwa cha kunjenjemera. Ndinkafuna kutsitsa phazi kuti ndikhwekhwereze nsapato pansi, koma ndisanatero wilo lakutsogolo linakumana ndi kamwala. Zinachitika ndendende ngati ngolo ya mabering'i ija, kusiyana kwake kunali koti tsopano ndinali munthu wamkulu wolemera, ndipo liwiro linali lalikulu. Ndinatsogoza dzanja. Ndinamva kuthyoka ndisanamve kuwawa. Masabata asanu ndi limodzi ndili m'chikhakha, ndipo mayi anga atandiona anangoti, "Mwana iwe, anzako amabwera ndi malata kuchokera ku Joni, iwe wabwera ndi imfa?" Sanaseke, ndipo nanenso sindinaseke. Miyezi iwiri sindinagwire ntchito, banja likudya ndalama zimene ndinasungira nyumba.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kugwa kumeneko kunali kopeweka. Tala wa misewu yathu yambiri ndi uja wothira phula n'kumwazapo timiyala, pamwamba pake pamakhala pokhakhala ngati chikwatu. Dzinja likatha mvula imasiya mchenga ndi miyala m'mbali monse. Onjezanipo zigamba, ming'alu, ndi timiyala togwa m'malole a kwale. Wilo lopangidwira simenti yosalala ya kunja silingakhale pa msewu wotere. Ndiponso polyurethane imauma kukazizira, ndiye wilo lolimba kale m'mawa wa June pa Dedza limasanduka ngati mwala.

Dzanja litapola ndinalakwitsanso kachiwiri. Ndinapita ku Lilongwe, m'sitolo ina yogulitsa zoseweretsa ndi katundu wamasewera, n'kugula mawilo akuluakulu obiriwira, owala bwino, olembedwa nambala ya kulimba, 78a, m'mbali. Pasanathe masabata awiri limodzi linang'ambika, lina bering'i inayamba kugwedera m'kati. Sanali polyurethane weniweni, anali pulasitiki wopaka mtundu. Apa ndiye ndilankhula mosabisa: amene amagulitsa mawilo otere kwa ana akugulitsa ngozi, ndipo ambiri a iwo amadziwa. Ndimakwiya ndikaona kholo lasunga ndalama miyezi itatu kuti ligulire mwana thabwa lokongola, la zithunzi za moto pansi pake, pamene mawilo ake ndi a pulasitiki ya ndowa. Kuli bwino mwanayo akhale wopanda thabwa. Njira yoyesera ndi yapafupi. Tengani wilo lopanda bering'i, muligwetse pa simenti kuchokera m'chiuno. Labwino limanjanja n'kubwerera m'mwamba. Labodza limangoti phi, n'kugubudukira kumbali. Kunjanja kumeneko ndi kumene kumabweza mphamvu pa msewu. Wilo lofewa koma losanjanja limamwa liwiro lanu lonse, mumangokhalira kukankha ngati mukuyenda pamchenga.

Ndipo poti ndayamba kale kukalipa, ndimalize. Inu a ku Ntcheu mitsetse muli nayo yambiri, ndipo ndikudziwa kuti M1 imakopa chifukwa ndiwo msewu wautali wa tala. Musakwerepo. Ndaonapo anyamata akutsika cha ku Lizulu tsiku la msika, pakati pa minibasi, akabaza, amayi osenza kabichi ndi malole akuluakulu ochokera kumalire a Mozambique. Longboard ilibe mabuleki. Woyendetsa lole yodzaza sangaime chifukwa cha inu ngakhale atafuna. Ena amandilembera za msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti, ati makona ake ndi ofanana ndi a m'mavidiyo a pa YouTube. Anthu a m'mavidiyowo amavala zikopa thupi lonse, pa mipikisano msewu amautseka, ndipo anaphunzira kuima zaka zambiri asanakwere phiri. Palibe wilo lililonse limene ndingakuuzeni kuti mugule kuti mukatsike nalo Khwekhwelere.

Za kukula ndi kulimba

Kukula kwa wilo amakuyeza m'mamilimita. A skateboard wamba, yaifupi yodumphira, amakhala pakati pa 50 ndi 56. A longboard ambiri amayambira pa 65 kufika 75, ena mpaka 85. Wilibala imakakamira pa mwala umene ngolo ya ng'ombe imangoudutsa osaumva, ndipo pano n'chimodzimodzi. Wilo lalikulu limachedwa kunyamuka mukamakankha ndi phazi, koma likagwira liwiro limalisunga, ndipo limakwera ming'alu ndi timiyala mosavuta. Lilinso ndi mnofu wambiri woti udyeke lisanathe. Vuto lake ndi limodzi, koma loopsa: mukapendeka pokhota, wilo lalikulu limatha kukhudza pansi pa thabwa n'kuima mwadzidzidzi. Matabwa ena anawasema m'mbali kuti wilo lipeze malo. Ngati lanu silinasemedwe, pamafunika kaphatikizi kokweza thabwa, kamene amakatcha riser, ndi mabawuti otalikirapo.

Kulimba ndi nambala ija yotsatana ndi chilembo a. Nambala ikakwera, wilo ndi lolimba. A skateboard yodumphira amakhala cha pa 99a kapena 101a. A longboard ambiri ali pakati pa 75a ndi 86a. Makampani ena amasiyanitsa ndi mitundu, monga Orangatang, amene mawilo awo a olenji ndi 80a, a pepo 83a, achikasu 86a. Anyamata ambiri amakhulupirira kuti wilo lolimba ndilo lothamanga. Pa simenti yosalala n'zoona. Pa tala wathu wokhakhala n'zabodza, chifukwa wilo lolimba limadumphadumpha pa kamwala kalikonse, mphamvu n'kumathera m'kunjenjemera kumene kukuchititsani dzanzi m'mapaziko. Lofewa limabonyokera pa kamwalako, n'kukameza, n'kupitirira. Inde lofewa limadyeka msanga mukamalikhwekhwereza, koma ine ndingasankhe kugula mawilo kawiri kusiyana n'kulowanso m'chikhakha.

Za mlomo ndi mtima wa wilo

Yang'anani m'mphepete mwa wilo lanu. Ngati mlomo wake ndi wakuthwa, wamakona, limenelo ndi logwira msewu mwamphamvu pokhota. Ngati ndi wobulungira, limalola kuterereka mosavuta mukapingasa thabwa kuti muchepetse liwiro. Kutakata kwa mbali imene imaponda pansi nakonso kumawerengedwa: yotakata imagwira kwambiri, yopapatiza imaterereka msanga. Pa misewu ya maenje ndi zigamba milomo yakuthwa imabenthuka zidutswazidutswa, ine ndataya mawilo awiri mwa njira imeneyi. Mawilo ena amabwera ndi khungu lonyezimira lochokera m'chikombole, logwira kwambiri masiku oyamba, ena amabwera atapalidwa kale kuti aziterereka kuyambira tsiku loyamba.

M'kati mwa wilo muli kapulasitiki kolimba kamene mabering'i amakhalamo. Ine ndimakatcha mtima. Mtima waukulu umachirikiza mnofu kuti usapindike, wilo limathamanga ndiponso limadyeka mofanana, koma mnofu umachepa ndipo msewu mumaumva kwambiri. Tsono apa ndi pamene pali yankho la kudyeka mbali imodzi kumene mwanena. Mtima ukakhala chakumbali, kufupi ndi m'kati mwa thabwa, kulemera kwanu konse kumagwera mbali imeneyo, ndipo wilo limasongoka ngati nsonga ya chinangwa. Ukakhala pakati penipeni, amati centerset, limadyeka mofanana, ndipo likayamba kusongoka mumangolitembenuza, kunja kukhale m'kati. Kwa ife amene sitingalowe m'sitolo mawa n'kugula ena, kutembenuza kumeneku n'kofunika kuposa china chilichonse cholembedwa pa paketi.

Ine Loweruka loyamba la mwezi ndimakhala pakhonde ndi sipanala ya 13, n'kusinthanitsa mawilo, lakutsogolo kumanja lipite kumbuyo kumanzere, monga ankachitira bambo ndi matayala a njinga za akabaza. Pamenepo ndimatsukanso mabering'i ndi palafini, kuwaumitsa, n'kudonthezamo mafuta a makina osokera. Pa mabering'i anthu amawonongapo ndalama zosafunika. Onse ndi a saizi imodzi, 608, bowo lake mamilimita 8, kunja 22, ndipo omwewo amapezeka m'mamota ang'onoang'ono, ndiye ogulitsa zipangizo zamagetsi amakhala nawo. Nambala ya ABEC imene amaitama pa paketi imanena za kulondola kwa kapangidwe ka bering'i yogwira ntchito m'makina, sikuti ABEC 9 ikuthamangitsani kuposa ABEC 5 pa fumbi la ku Ntcheu. Chofunika kuno ndi zotsekera za labala zoletsa fumbi, ndi kachitsulo kaja kokhala pakati pa mabering'i awiri, kuti mukamanga nati asafinyike. Chinanso, mukadzaphunzira kupingasa thabwa, musamalipingase kotheratu mpaka mawilo kusiya kuzungulira. Akatero amadyeka malo amodzi, ndipo kuchoka pamenepo muzidzamva du du du ulendo wonse. Wilo lotero nthawi zambiri latha ntchito.

Tsono akulu anuwo muwauze izi: mawilo anayi a polyurethane a kampani yodziwika, ogulidwa m'sitolo ya skateboard yeniyeni, mamilimita 70 mpaka 72, kulimba 78a kapena 80a, centerset, milomo yobulungira. Awonjezerepo mabering'i 8 otseka ndi labala, tizitsulo tapakati tinayi, ma riser awiri ndi mabawuti ake. Ngati ndalama yachepa, achotse china chilichonse koma helimeti ndi zotetezera manja zibwere.

Asanagule, nditumizireni chithunzi cha pansi pa thabwa lanu, mulijambule chakumbali kuti ndione mpata umene uli pakati pa wilo ndi thabwa. Ngati linasemedwa bwino tikhoza kukwera mpaka 75. Ndipo akafika nawo, muyambe mwawayesa pabwalo lathyathyathya, mupendeke mbali zonse ziwiri mutaima, muone ngati wilo likukhudza thabwa, musanapite pa mtsetse uliwonse.