Usawonjezere m'mbali, msuweni

Ee, msuweni, ndamva uthenga wako. Akuti bulauzi ya chitenje ija ikukuthina, uwonjezere mainchesi angati m'mbali. Hmm. Iwe ndimakudziwa. M'mbali sim'mene muli vuto, kungoti pagulu pano pali achimwene ako ndiye wachita manyazi kutchula. Ikukoka pachifuwa, eti? Kutsogolo ikukwera, kumbuyo ili bwinobwino?

Dikira kaye. Ukuwakumbuka amalume, nthawi ija ankasoka pakhonde pa Lizulu, mlandu wa dimba uja usanayambe? Kunabwera amayi a kwaya, khumi ndi awiri... ayi, khumi ndi anayi, kuphatikizapo azakhali. Amalume changu, tsiku la msika anthu ali mbwee, anangoyeza mayi mmodzi, kudula patani pa pepala la simenti. Kwa onenepa, inchi m'mbali. Onenepetsa, mainchesi awiri. Loweruka pobwera kudzayesa, mayo! Mapewa agwera m'mikono, khosi lili yasaa, koma pachifuwa mabatani akukokanabe. Azakhali sanayankhule, anangowayang'ana, ukudziwa kayang'anidwe kaja. Amalume anamasula misoko yonse usiku ndi koloboyi, kuzizira kwa mu June kuja, zala zitauma, agogo akuwasonkhezera moto. Mpaka lero ukawatchulira kwaya amasintha nkhani.

Ndiye, aa, ndimati chiyani... eya. Tenga tepi. Yeza kawiri: koyamba m'khwapa, pamwamba pa mabere, kachiwiri pamene pakula kwambiri. Uvale bra imene udzavalire bulauziyo. Patani usankhe yokwana mapewa ndi muyeso wapamwambawo. Malo a chifuwa uwonjezere kutsogolo kokha.

Chitenje sichitamuka, ndiye pachifuwa pafunika mpata wa mainchesi awiri pamwamba pa muyeso wako. Tiyerekeze patani yaperewera mainchesi awiri. Pepala lakutsogolo ndi theka, choncho utsegula inchi imodzi yokha. Papepalapo ika kadontho pamene padzafike nsonga ya bere. Jambula mzere kuchoka pampendero, mowongoka, kufika pakadonthoko, upitirire mopendeka mpaka pamsoko wa mkono. Wina uchoke m'mbali, pakati pa dati (kamsoko kopinda kaja kopereka malo a bere), kufikanso pakadontho. Dula yonse iwiri, koma woyamba usamalize pamsoko wa mkono, wachiwiri usamalize pakadontho, pasale kogwirira. Tsegula inchi ija mofanana mpaka pansi. Dati ikula yokha, usaope. Chidutswa chapakati chifupika, uchidule chopingasa, uchitsitse mpendero ufanane. Ika pepala lina pansi, mata.

Posoka, dati ithere inchi imodzi isanafike pansonga, apo ayi patuluka kansonga ngati chulu. M'khwapa usakumbe kwambiri, theka la inchi basi ngati pakuluma, ukatero ukuzenso mkono wake. Ukakumbitsa, pokweza dzanja bulauzi yonse imakwera nawo.

O, ndipo chitenjecho uchape, uchisite usanadule, thonje limabwerera. Uyambe wayesa pa nsalu yakale yapabedi.

Wamva, mkazi wa achimwene? M'mbali usakhudzemo, tsegula kutsogolo. Mapewa akhale momwe alili, inchi imodzi ija ilowe papepala lakutsogolo basi. Ukadula unditumizire chithunzi cha pepalalo usanagwire sizasi pa chitenje.