Ma mod 140 mu New Vegas: kodi mwaonongadi lore, achimwene?

Imelo iyi yagona masiku anayi ndisanaiyankhe, osati chifukwa chotanganidwa ayi, koma inandigunda pachilonda. Achimwene ena alemba kuti abwereranso ku gemu ya pakompyuta ya Fallout: New Vegas patapita zaka, aikamo ma mod 140 (mafayilo owonjezera osintha gemu, opangidwa ndi oikonda), gemu ikungodzitsekera yokha, ndiye wina wawauza kuti chimene akusewerachi si Fallout, aononga lore, kutanthauza mbiri ya dziko la m'gemumo. Akufunsa kuti achotse ati, asiye ati.

Achimwene, ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndiyambe ndi zanga.

New Vegas inatuluka mu Okutobala 2010, koma ine ndinaigwira mochedwa. Ndinali nditawerenga paliponse kuti gemuyi siseweredwa yopanda ma mod, ndipo ndinakhulupirira. Ndisanadzuke n'komwe pabedi la Doc Mitchell ku Goodsprings, pamene gemu imayambira, ndinali nditaika kale ma mod oposa 90. Mfuti zamakono zonyezimira, mitengo yobiriwira m'chipululu chonse cha Mojave, kuwala kwatsopano m'nyumba zonse, siteshoni ya wailesi yowonjezera, komanso munthu woyenda naye wopangidwa ndi wokonda gemuyi wina, amene pakamwa pake sipankatsekeka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine chagada changa ndinagwera ku Vault 11.

Amene simunafikeko kumeneko, dumphani ndime ziwiri zotsatirazi, chonde.

Vault 11 ndi imodzi mwa nyumba zapansi panthaka zimene kampani ya Vault-Tec inamanga ponena kuti anthu abisalemo mabomba akamagwa, pomwe cholinga chenicheni chinali kuwayesa ngati mbewa. Anthu a mmenemo anauzidwa kuti chaka chilichonse apereke munthu mmodzi ngati nsembe, apo ayi kompyuta ipha onse. Iwo eni anagwirizana kuti woperekedwayo azikhala mkulu woyang'anira, ndiye chisankho chinasanduka chinthu choopsa. M'makoma muli zikwangwani za kampeni zomunyoza munthu, kumutchula wachigololo, kenako n'kukupemphani kuti mumuvotere. Anthu anaphana mpaka kutsala asanu. Asanuwo anakana kupereka wina, n'kudikira imfa. Kompyuta inangowayamikira kuti apambana mayeso, n'kuwatsegulira chitseko. Kukana kunali kololedwa kuyambira tsiku loyamba. Pakhomo mumapeza mafupa a anthu anayi ndi tepi ya mawu a anthu asanu akukangana za choti achite ndi manyazi amenewa, kenako kulira kwa mfuti.

Ine ndinatola tepiyo, ndinaiyatsa, ndipo nthawi yomweyo woyenda naye uja anayamba nthabwala zake za mowa. Mawu ake anakwirira mawu a patepi. Makonde amene anayenera kukhala amdima anali owala bwino chifukwa cha mod ya kuwala ija. Zikwangwani ndinazidutsa ndikuthamangitsa makoswe. Nditafika m'chipinda chansembe, mmene munthu amakhala pampando n'kuonetsedwa kanema womutsanzika, makoma anatseguka, maroboti anatuluka, ine n'kuwagwetsa onse m'kanthawi kochepa ndi mfuti imene sinayenere kupezeka m'manja mwanga. Ndinatuluka ndikuganiza kuti ndi msampha wamba.

Patapita miyezi ndinawerenga munthu wina akufotokoza kuti Vault 11 inamusowetsa tulo. Ndinadabwa kuti akunena malo ati. Nditabwererako ndi gemu yopanda zokometsera, ndinaima pakhomo paja, ndinamvetsera tepi yonse mpaka kumapeto, koma ndinali nditadziwa kale mathero ake. Ulendo woyamba ndi umodzi basi, ndipo wanga ndinautaya ndekha. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye mukamva zimenezi mwina mukuti ndili mbali ya munthu amene wakudzudzulaniyo. Ayi ndithu. Anthu amene amayenda ndi lore ngati chikoti ndimasemphana nawo kwambiri, chifukwa mbiri ya dziko la Fallout sinakhalepo chinthu chimodzi chosasunthika. Msana wake ulipo, inde: pa 23 Okutobala 2077 America ndi China anaponyerana mabomba a nyukiliya, m'maola awiri dziko linatha. Fallout yoyamba ya Interplay, ya 1997, imachitika mu 2161. Yachiwiri, ya 1998, mu 2241. Fallout 3 ya Bethesda mu 2277 ku Washington, New Vegas ya Obsidian mu 2281, Fallout 4 mu 2287 ku Boston. Zimenezi palibe amatsutsa. Koma lowani m'kati muone mmene eni ake akhala akusinthira zinthu.

Mu Fallout 2 muli mnyamata wotchedwa Myron amene amadzitama kuti ndiye anapanga mankhwala ozunguza bongo a Jet, nkhondo itatha kalekale. Mu Fallout 4 mumapeza zolembedwa zosonyeza kuti Jet anatumizidwa ku Vault 95 mabomba asanagwe. Ma super mutant, zimphona zimene kale zinali anthu, poyamba anachokera ku Mariposa ku California, kumene mdani wotchedwa Master ankaviika anthu mu kachilombo kosintha thupi ka FEV. Kenako anapezekanso ku Vault 87, kenako kwa asayansi a Institute mu Fallout 4, kenako ku West Virginia mu Fallout 76, imene imachitika mu 2102. Brotherhood of Steel ya m'magemu oyamba inali kagulu kodzipatula, kosunga zipangizo zakale mwaumbombo, pomwe ya Elder Lyons mu Fallout 3 ikuteteza anthu wamba. Zimene Chris Avellone, mmodzi wa opanga Fallout 2, analemba mu 2002 mu Fallout Bible, anthu ambiri amaziloweza pamtima, koma sizitengedwa ngati lamulo. Ngakhale sewero la pa TV la 2024 linautsa mkangano ndi bolodi limodzi lolembedwa 2277 pa nkhani ya kugwa kwa mzinda wa Shady Sands, mpaka Todd Howard wa ku Bethesda anachita kufotokoza kuti bomba linagwera mzindawo nkhani ya New Vegas itatha.

Za mfuti ndiye musandiyambe. Amene amati mfuti zenizeni za masiku ano si za mu Fallout sanasewere zoyambazo. Desert Eagle ili mu Fallout 1. FN FAL, G11 ndi P90 zili mu Fallout 2. Ndipo Josh Sawyer, amene anatsogolera ntchito yopanga New Vegas, anadzatulutsa mod yakeyake gemu itatuluka kale, yochepetsa mphamvu za wosewera ndi katundu amene angasenze, kuti moyo wa m'chipululu uzilimba mmene iye ankafunira. Ngati mwiniwake anaona kuti pali pokonza, ndani angakuletseni inu?

Komabe, ndipo apa sindigonja, si mod iliyonse imene ili yosalakwa. Ndikamati lore ine sinditanthauza madeti. Ndikutanthauza chifukwa chimene chinthu chilichonse chili pamene chilipo. Dziko la New Vegas linamangidwa pa kusowa. NCR, boma la New California Republic, ndi gulu lankhondo la Legion ya Caesar akuphana chifukwa cha Hoover Dam, kutanthauza madzi ndi magetsi. Anthu amagula zinthu ndi zitsekerero za mabotolo chifukwa amalonda a madzi a mumzinda wa Hub ndi amene anazipatsa mphamvu. Ndalama yapepala ya NCR inagwa mtengo a Brotherhood ataononga golide amene ankaiikira kumbuyo, n'chifukwa chake pepala la madola 100 limangokupatsani zitsekerero 40, pomwe aureus imodzi, ndalama yagolide ya Legion, ndi zitsekerero 100. Kachinthu kakang'ono ngati kameneka kakukuuzani boma limene likudwala, popanda munthu kukukhazikani pansi.

Tsopano dzalani nkhalango mu Mojave yonse. Nkhondo yolimbirana damu ija ikhala ya chiyani, madzi ali paliponse? Choipitsitsa, mwapha Vault 22. Malo amenewo amaopsa chifukwa mwayenda maola ambiri m'fumbi ndi miyala, mwadzidzidzi mukuona zomera zobiriwira zitazinga khomo, pali chikwangwani chochenjeza kuti zomerazo zimapha. Mtima umagunda. Koma ngati kubiriwira mwakhala mukukuona kuyambira ku Goodsprings, mungodutsa. N'chimodzimodzi ndi mitengo ya paini ya kuphiri ku Jacobstown, imene imakupumitsani chifukwa kwina konse kulibe. Mfuti nayonso vuto si mtundu wake. Vuto ndi kuipeza m'bokosi pafupi ndi nyumba ya Doc Mitchell ili ndi zipolopolo 500, pomwe gemu inafuna kuti muziopa zilombo zolusa monga ma cazador ndi ma deathclaw a ku Quarry Junction, mulambalale njira yaitali yodzera ku Primm, Nipton ndi Novac, kuti pofika ku Strip, pakati pa mzinda wa New Vegas, mukhale mutaona kale mitanda imene Legion inapachikapo anthu. Mod yotero sinasinthe deti lililonse, koma nkhani yaidula pakhosi. Kwa ine imeneyo ndi yoononga kuposa mod yoika chinjoka m'mwamba, chifukwa chinjoka mumachiona n'kudziwa kuti ndi masewera.

Ndisaoneke ngati ndikunyoza opanga ma mod. Anthu amenewa amagwira ntchito zaka popanda malipiro. Tale of Two Wastelands inalumikiza Fallout 3 ndi New Vegas kukhala gemu imodzi. Fallout: London, imene gulu la Team FOLON linatulutsa mu Julayi 2024 kudzera pa GOG, ndi dziko lathunthu lomangidwa pa Fallout 4, lopanda Vault-Tec pakati pa nkhani, ndipo limamveka Fallout kuposa ma mod ambiri odzitcha okhulupirika ku lore. Anamvetsa mzimu wake: anthu otsala akutola zidutswa za dziko lakale n'kuzipatsa tanthauzo lolakwika. Taonani a Kings, gulu la ku Freeside mu New Vegas, amene anapeza sukulu yophunzitsa kutsanzira woimba wina wakale n'kuyesa kuti inali kachisi.

Za kudzitsekera kwa gemu

Apa mpamene nambala yanu ya 140 inandidzutsa. New Vegas pamapepala imalola mafayilo a .esm ndi .esp, amene ma mod amabweramo, okwana 255, koma ikafika cha m'ma 135 mpaka 140 imayamba misala: zinthu kusowa, zizindikiro zofiira za mfuwuliro kuyandama pamene panayenera kukhala mpando kapena mfuti, kenako kudzitsekera. Pali mod yotchedwa Mod Limit Fix yothetsa zimenezi. Chachiwiri, gemuyi ndi ya 32-bit, imangogwiritsa ntchito 2GB ya memory mpaka mutaipatsa 4GB Patcher. Chachitatu, ma mod awiri akasintha chinthu chimodzi, imene ili m'munsi pa load order (mndandanda umene gemu imatsata potsegula ma mod) ndi imene imapambana, inayo imatsala yopunduka, ndipo pulogalamu ya xEdit ndi imene ingakuonetseni pamene akulimbana.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musachotse mod pakati pa save, fayilo yosunga pamene mwafika m'gemu. Ndinachitapo zimenezi nditatopa ndi woyenda naye wolongolola uja. Save yanga inali ya maola oposa 120, ndinali nditatsala pang'ono kufika ku nkhondo yomaliza ya pa damu. Ndinangochotsa fayilo yake. Gemu inatseguka bwinobwino masiku awiri, kenako ntchito ina ya m'gemu inakana kupita patsogolo, munthu amene ndinayenera kulankhula naye anangoima n'kumandiyang'ana. Tsiku lachitatu save inakana kutseguka. Save imasunga zonse zimene mod inakhudza, pamodzi ndi ma script ake, ndiye mukaizula mizu imatsalira m'nthaka. Ndinayesa ma save akale asanu ndi limodzi, onse anali ndi mod yomweyo m'kati. Ndinazimitsa kompyuta usiku umenewo ndipo gemuyi sindinaikhudzenso pafupifupi chaka.

Ndiye yankho lanu ndi ili. Chotsani zonse, ikani gemu mwatsopano kunja kwa foda ya Program Files, mugwiritse ntchito Mod Organizer 2 kuti mafayilo a gemu asakhudzidwe. Yambani ndi zokonza zokha: 4GB Patcher, xNVSE, JIP LN, New Vegas Tick Fix, Mod Limit Fix ndi YUP. Malangizo a Viva New Vegas amakuyendetsani pa zonsezi mwadongosolo. Zikatero onjezerani ma mod asanuasanu, kuyesa gemu pakati pake, ndipo pa iliyonse dzifunseni ngati ikudzaza malo amene anasiyidwa opanda kanthu dala, kaya ndi phokoso, kuwala, madzi kapena zipolopolo. Ngati ikutero, ikhale ya ulendo wina. Zovala, nkhope, mfuti zogulidwa modula kwa amalonda a mfuti a Gun Runners, ntchito zatsopano, ikani mmene mungafunire, ndipo wokudzudzulaniyo musamuyankhe n'komwe.

Simunanene ngati muli ndi Honest Hearts, gawo lowonjezera la 2011. Ngati mulinalo ndipo simunalowe m'mapanga a ku Zion, zimitsani wailesi ya pa Pip-Boy, kachipangizo ka pamkono, woyenda naye aliyense wa mod mumusiye ku Mojave, mukawerenge makompyuta amene Randall Clark, msilikali wopulumuka mabomba, anasiya m'mapangamo, kuyambira cha 2077 mpaka kalata yake yomaliza ya 2124 imene ili pafupi ndi mafupa ake pa Red Gate. Amenewo ine ndinawapeza ndili ndekha, mwakachetechete, ndipo ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili pa mouse osasuntha.

Mukamaliza kuika mwatsopano munditumizire fayilo yanu ya loadorder.txt, ndiiona Loweruka.