Mfuti yakale ya apongozi ndi nyengo yosaka agwape ku Michigan

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa kwathu amene anakwatira kuno ku Michigan, ku America, zaka zitatu zapitazo. Dzina lawo ndilisunga. Akuti apongozi awo aamuna awaitana kuti chaka chino apite nawo kumsasa wa alenje kumpoto, nyengo yosaka agwape ndi mfuti ikamatsegulidwa pa 15 Novembala. Madalawo awatulutsiranso mfuti yoti akagwiritse ntchito, Winchester 94 imene inali ya malemu bambo awo, yopanda galasi loonera patali, chitsulo chake chosuluka pogwirira. Anzawo a kuntchito ataona chithunzi akuwaseka, akuti agule yatsopano. Funso lawo ndi ili: "Kodi apongoziwa akundipeputsa pondipatsa gogodela? Mfuti ya zaka zoposa 70 ingaphe nyama, ndipo siingandiphulikire kumaso?"

Achimwene, zikomo polemba. Ilandireni mfutiyo ndi manja awiri. Kumsasako kuli ana awo, adzukulu ndi anzawo a kalekale, koma mfuti ya bambo awo aipereka kwa mkamwini. Munthu wofuna kukupeputsani akanakubwerekani ya pulasitiki yogula dzulo, imene itatayika m'nkhalango sakanadandaula.

Dzina la gogodela lichotseni kaye. Gogodela uja tinkamuona kumudzi ankathiridwa onga kukamwa, n'kusinja ndi kachitsulo, ndipo ukawomba kamodzi nyama yaphonyedwayo inali itafika kutsidya usanamalize kuthiranso. Winchester 94 ndi chinthu china. Anaikonza ndi John Moses Browning, inayamba kugulitsidwa mu 1894, ndipo chaka chotsatira inatuluka ndi chipolopolo chimene lero aliyense amachitchula kuti .30-30, chimodzi mwa zoyamba ku America zosakira nyama zogwiritsa ntchito onga wosatulutsa chiutsi. Dzinalo likunena kukula kwa chipolopolo ndi muyeso wa onga umene ankathiramo poyamba. Zipolopolo zimakhala mumpope wachiwiri pansi pa uja wowombera, zisanu ndi chimodzi pamzere. Pansi pa chala pali mkono wachitsulo umene amautcha lever. Mukaukankhira kutsogolo chigoba chakale chimatuluka, mukaubweza chipolopolo china chalowa, mfuti ili paphewa pomwepo. Anapanga zoposa 7 miliyoni. Chinthu chosagwira ntchito anthu sachigula chonchi kwa zaka zoposa 100.

Zaka za mfuti yanuyo mungazidziwe lero lomwe. Yang'anani nambala yodindidwa pansi, kutsogolo kwa lever. Mfuti ya nambala 1,500,000 inapatsidwa kwa pulezidenti wa America Truman mu 1948, ya 2,000,000 kwa pulezidenti Eisenhower mu 1953, choncho ngati yanu ili pakatipa ndiye kuti inapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Zimenezi zili ndi tanthauzo. Mu 1964 kampani ya Winchester inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama, zigawo zina zimene ankasema kuchitsulo anayamba kungodinda, ndipo alenje anadandaula kwambiri. Mpaka lero mfuti zopangidwa chaka chimenecho chisanafike zimagulidwa modula kuposa zapambuyo pake. Fakitale ya ku New Haven, ku Connecticut, inatsekedwa mu 2006, ndipo zatsopano zokhala ndi dzinali zimapangidwa ku Japan. Anzanu akukusekaniwo mwina akuseka chinthu chodula kuposa mfuti zawo.

Tsopano za kupha nyama, pamene pali nkhani yeniyeni.

Tikamati gwape pano tikungobwereka dzina. Nyamayi ndi whitetail, yaikulu kuposa mbawala, ndipo yamphongo yokhwima ya kumpotoko imalemera ngati munthu wamkulu wathanzi. Nyanga zake zili ndi nthambi, zimagwa chaka chilichonse n'kuphukanso, zimene nyama zathu sizichita. Ikadzidzimuka imaimika mchira woyera n'kulowa m'ziyangoyango, ndipo alenje ambiri chimene amachiona tsiku lonse ndi mchirawo basi. Kumene mukupitako, kaya ndi kumpoto kwa chigawo cha kumunsi cha Michigan kaya kuwoloka mlatho wa Mackinac kulowa chigawo cha kumtunda chotchedwa Upper Peninsula, nkhalango yake ndi yothithikana, ya mikungudza ndi madambo. Malo ambiri maso safika mayadi 100. Gwape amangotulukira pa mayadi 40 kapena 60, kuima kamphindi, n'kuzimiririka.

Chipolopolo cha .30-30 chimalemera magalamu 10 kapena 11 ndipo chimatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 700 pa sekondi. Mukaikonza mfuti kuti izimenya ndendende pa mayadi 100, pa mayadi 200 chimakhala chitatsika ngati kutalika kwa chikhato, pa 300 chatsika kuposa theka la mita ndipo mphamvu yake yachepa kwambiri. Anzanuwo akunena zoona kuti mfuti zawo zimafika patali. Ku Montana kapena ku Wyoming, kumene munthu amaona nyama paphiri lina iye ali pa lina, ndikanakuuzani kuti muwamvere. Koma m'dambo la mikungudza mfuti yofika mayadi 400 ndi katundu chabe. Yanuyo imalemera pafupifupi makilogalamu atatu, ndi yaifupi, siikola m'nthambi, siimenya phewa mopweteka, ndipo imafika pa diso mwamsanga. Kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pa mayadi 60, gwape sadziwa kuti mfutiyo inapangidwa liti.

Chimene mfutiyi imakukakamizani ndi kuyandikira, ndipo ine ndimaikondera pomwepo. Mulibe galasi loti likukokereni nyama pafupi. Muyenera kudziwa kumene mphepo ikulowera, chifukwa mphuno ya gwape siinamizika. Muyenera kufika pamalo kudakali mdima, kukhala pansi pa mtengo osagwedezeka mapazi atachita dzanzi, n'kumvetsera masamba. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Agogo athu a pa uzimba, a mauta ndi agalu, akanaizindikira ntchito imeneyi, ngakhale kuti iwo ankapita m'chigulu ndi phokoso pamene kuno munthu amakhala yekha duu. Pakati pa Novembala ndi nthawi imene amphongo akuthamangitsa aakazi, nzeru zawo zimakhala zitachepa, ndiye amayenda ngakhale masana. Musabwerere kumsasa msanga chifukwa cha fungo la khofi.

Ine ndimasaka ndi Marlin 336 yogula kwa munthu. Mtundu umenewu unayamba mu 1948, ndipo kusiyana kwake kwakukulu n'koti imalavula chigoba chammbali, pamwamba pake n'potseka, choncho galasi limakhala bwino. Winchester yakale imalavulira m'mwamba, nthawi zina chigoba chotentha n'kugwera m'kolala. Wina akakuuzani kuti mupite nayo akaboole kuti muikepo galasi, mukane. Choyamba si yanu. Chachiwiri mabowo amenewo amagwetsa mtengo wake, ndipo sabwezeretsedwa. Ngati maso anu akuvutika ndi timizere tachitsulo toyang'anira, funsani mmisiri wa mfuti za kachipangizo kokhala ndi kabowo kosuzumira, koma nkhaniyo iyambe ndi apongozi.

Mwafunsa ngati ingakuphulikireni. Mfuti ya m'zaka zimenezo inapangidwira onga wamakono, ndipo ngati inasungidwa bwino ilibe vuto. Komabe musaiwombe mmisiri asanaione. Ayang'ane mkati mwa mpope ngati muli dzimbiri kapena potupa, ayese ngati chotsekera chikugwira chipolopolo bwinobwino, aone ngati mtengo wake sunang'aluke. Inuyo muwerenge zolembedwa pa mpope. Zakale zambiri zinalembedwa kuti 30 W.C.F., ndipo imeneyo ndi .30-30 yomweyo. Koma zina ndi za .32 Winchester Special, zimene pamaso zimafanana nazo kwambiri. Gulani zipolopolo zimene zalembedwapo, osati zimene mnzanu wa kuntchito akuganiza. Mudzaonanso kuti zipolopolo zake ndi zobuntha kunsonga, ndipo chifukwa chake n'choopsa: mumpope wosungira muja nsonga ya chimodzi imagunda kumbuyo kwa chinzake, pamalo penipeni pophulikira. Chosongoka cholimba chitha kuphulitsa chapatsogolo pake mfuti ikagwedezeka powomba. Pali zina za kampani ya Hornady zokhala ndi nsonga yofewa ngati labala zimene anazipangira mfuti zoterezi, koma m'nkhalango yanuyo zobuntha zachikale zikukwanirani.

Ngozi yeniyeni ili m'manja mwanu. Mfuti zakalezi zilibe batani lotsekera ngati zamakono. Zili ndi kanyundo kumbuyo, kamene mumakatsitsa pang'onopang'ono ndi chala chachikulu mpaka kataima pakati, ndipo kuti muchite zimenezo muyenera kukoka kachitsulo kowombera. Kuchita zimenezi pamalo ofunda n'kosavuta. Koma kuchita kunja kuli sinowo, mutavala magolovesi, chala chosamva kanthu, n'koopsa. Kuchotsa zipolopolo nakonso kumafuna kuti chilichonse chidutse m'chipinda chowombera chisanatuluke. Chaka changa chachiwiri cha ulenje, dzuwa litalowa, ndinaima pambali pa galimoto ndikuchotsa zipolopolo mothamanga chifukwa cha kuzizira. Chala cha golovesi chinalowa posayenera pamene ndimabweza lever, mfuti n'kulira. Chipolopolo chinalowa m'dothi patsogolo pa nsapato zanga chifukwa ndinali nditailozetsa pansi, ndipo ndi chokhacho chimene ndinachita bwino madzulo amenewo. Mkulu amene ndinali naye sananene kanthu. Anangotola chigoba n'kundipatsa, ndipo chili m'kabati yanga mpaka pano. Kuyambira pamenepo ndimayenda m'chipinda chowombera mulibe kanthu, ndimalowetsa chipolopolo ndikakhala pansi, ndipo pochotsa ndimavula golovesi, kuwerenga chimodzichimodzi, n'kusuzumira mkati kawiri.

Za malamulo musadalire ine kapena apongozi, werengani kabuku ka chaka chino ka nthambi ya boma yoona zachilengedwe ku Michigan, ya DNR, chifukwa amasintha. Amene anabadwa kuyambira mu 1960 amafunika maphunziro a chitetezo cha alenje asanagule laisensi yanthawi zonse. Chovala cha mtundu wa olenji wowala n'chokakamiza. Kuwomba kumaloledwa kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa. M'galimoto mfuti ikhale yopanda zipolopolo, m'chikwama chake. Mukapha, kuyambira mu 2022 pamafunika kulembetsa nyamayo pa intaneti pasanathe maola 72. Kwa zaka zambiri kummwera kwa Michigan zipolopolo ngati .30-30 sizinkaloledwa posaka agwape, choncho onetsetsani kuti msasawo uli mbali iti. Chimodzi chimene apongozi anu mwina sanachiganizire n'komwe ndi cha mapepala anu. Wokhala ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America, amaloledwa kugwira mfuti, koma lamulo la America yonse limaletsa munthu amene ali pa viza ya kanthawi, pokhapokha atalowa m'magulu ochepa opatulidwa, ndipo kukhala ndi laisensi yosakira yogwira ntchito ndi limodzi mwa iwo. Ngati muli pa viza, pezani laisensi musanakhudze mfutiyo, ngakhale kuseri kwa nyumba.

Mu imelo yanu munanenanso kuti mtima ukukutsutsani pang'ono, chifukwa kwathu munthu wonyamula mfuti kulowa m'tchire timamuganizira za ku Kasungu kapena ku Liwonde, akuzemba alonda a nkhalango. Ndikumvetsa. Kuno nakonso anafikapo pamenepo. Cha m'chaka cha 1900 agwape amenewa anali atatsala pafupifupi theka la miliyoni mu America yonse, chifukwa chosakira malonda ndi kudula nkhalango. Anaika nyengo, anaika malire a nyama zimene munthu angaphe, ndipo mu 1937 lamulo la Pittman-Robertson linayamba kupereka msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo ku ntchito yosamala nyama zakutchire. Lero alipo pafupifupi 30 miliyoni, ochuluka moti amadya chimanga cha alimi ndi kugundidwa ndi magalimoto usiku uliwonse. Masabata awiri amenewa, kuyambira pa 15 mpaka pa 30 Novembala, sukulu zina za kumpotoko zimatseka tsiku loyamba chifukwa ana ndi aphunzitsi omwe ali m'nkhalango.

Mwezi wa Okutobala usanathe, pemphani madalawo akupititseni pamalo oyesera mfuti. Ikani mbale ya pepala pa mayadi 50, kenako pa 100, muwombe mutakhala pansi mutatsamira bondo, monga mudzachitire kumeneko. Mtunda umene mukumenya mbaleyo nthawi zonse ndiwo malire anu, ndipo gwape akaima kupitirira apo mumusiye apite. Nyama yovulazidwa n'kukafera kutali ndi manyazi aakulu pamsasa kuposa kubwerera chimanjamanja. Muli komweko muwafunse kuti bambo awo anapha nyama yoyamba kuti ndi mfutiyo. Adzalankhula mpaka kunyumba.

Mukachita mwayi, funsani ngati dera limenelo likuyeza matenda a ubongo a agwape otchedwa CWD, amene anapezeka mwa agwape akutchire ku Michigan mu 2015, ndipo ngati akuyeza dikirani zotsatira musanadye. Nyama yake ilibe mafuta ambiri, ikawotchedwa nthawi yaitali imauma ngati chikopa. Ya pamsana ingopsa pang'ono pa moto waukali. Ya m'khosi ndi ya m'miyendo iphikeni pang'onopang'ono ndi anyezi ndi tomato mpaka ifewe, msuzi wake ndi wa nsima weniweni. Ufa mutenge wanu pochoka kunyumba, ndi mthiko womwe, chifukwa kumsasako mukapeza mbatata ndi nyemba za m'chitini zokhazokha.